Ndikufuna kuyimba nyimbo za anthu amoyo pa cello: kodi ndidzadya chiyani?

Kalata ya wowerenga ikuti: "Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 23 ndipo chaka chino ndikumaliza maphunziro a cello, chida chachikulu cha nsambo zinayi cholizidwa ndi uta, ku koleji ya zoyimba. Kwa zaka ziwiri tsopano mtima wanga uli pa nyimbo za classical zatsopano, zimene akulemba anthu amene adakali moyo. Ndikakhala ndi pepala limene palibe wina analiyimbapo, ndimamva kuti ndili pamalo anga. Koma mphunzitsi wanga akuti ndikapitiriza ndiwononga dzanja ndi khutu, ndiponso sindidzapeza ntchito chifukwa ma okestra amafuna nyimbo za opeka akale monga Haydn ndi Dvořák. Makolo akufunsa kuti ndidzadya chiyani. Posachedwapa dzanja lamanja layamba kupweteka polumikizira mkono ndikamayeserera nyimbo ina yovuta. Kodi munthu angakhale moyo wake wonse pa nyimbo zoterezi? Ndiyambire pati?"

Mchemwali wanga, mtima ukhale m'malo. Njira mukuyang'anayo ena anaiponda kale, ndipo anakalamba akudya za cello yawo. Ine ndayimba ndi kuphunzitsa chida chimenechi kwa zaka zoposa 25, ndipo zambiri mwa zaka zimenezo ndathera pa mapepala amene inki yake inali isanaume. Funso lanu ndinadzifunsapo ndekha, ndipo ophunzira anga amabwera nalo chaka ndi chaka. Ndikuuzani zokoma ndi zowawa zomwe. Za dzanja lija ndizisiya kaye, koma musawerenge n'kulekera panjira, chifukwa pa zonse mwalemba ndiyo nkhani yosadikira.

Nyimbo zimene mphunzitsi wanu amazidalira nazonso zinali zachilendo tsiku lina. Concerto ya Dvořák, nyimbo ya cello imodzi yoperekezedwa ndi okestra, inamveka koyamba ku London mu 1896, ndipo panali munthu amene anakhala pansi n'kuiphunzira wopanda rekodi yomvera. Mstislav Rostropovich, woyimba cello wotchuka wa ku Russia, yekha anayimba koyamba nyimbo zoposa 100. Shostakovich anamupatsa concerto yake yoyamba mu 1959, iye n'kuiloweza pamtima m'masiku anayi. Britten anamulembera sonata, symphony ya cello ndi ma suite atatu pakati pa 1961 ndi 1971. M'chaka chimodzi cha 1970 anayimba koyamba concerto ya Dutilleux ku Aix-en-Provence ndi ya Lutosławski ku London. Lero nyimbo zonsezi zili pa mindandanda ya mipikisano, ndipo sindikukayika kuti mphunzitsi wanuyo amaphunzitsako zina mwa izo.

Komabe Rostropovich si wofanizira naye bwino, popeza dzina lake linali lalikulu kale ndipo zitseko zinkamutsegukira zokha. Woyandikira ku moyo umene mungakhale nawo ndi Siegfried Palm wa ku Germany, wobadwa mu 1927 ngati Rostropovich. Ligeti, Penderecki, Xenakis ndi Bernd Alois Zimmermann anamulembera nyimbo zimene oyimba ambiri a nthawi yake ankati n'zosatheka. Koma taonani: zaka zonse zimene ankayamba kutchuka ndi nyimbo zimenezi, Palm anali pa ntchito yolipidwa monga mtsogoleri wa ma cello mu okestra ya wailesi, poyamba ku Hamburg kenako ku Cologne, ndipo ankaphunzitsanso. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna tikafika pa za ndalama.

Mantha a mphunzitsi wanu pa kaimbidwe kanu ndi awiri, khutu ndi dzanja logwira uta, ndipo sali ofanana kulemera. Za khutu sindigwirizana naye. Nyimbo zambiri zatsopano zimafuna kuti muyimbe mawu okhala pakati pa manotsi awiri oyandikana a piyano, ndipo kuti mawu oterowo muwapeze molondola muyenera kudziwa bwino lomwe pamene manotsi enieniwo akhala. Ophunzira anga amene anadutsa m'maphunziro amenewa anabwerera kwa Bach ali ndi khutu lakuthwa kuposa kale. Kusintha matchunidwe a nsambo nakonso si kwachilendo monga ena amaganizira. Bach mu suite yake yachisanu anatsitsa nsambo ya A kukhala G. Kodály mu sonata yake ya 1915 anatsitsa nsambo ziwiri zam'munsi. Amene akuchita zimenezi lero akungopitiriza mwambo wakale.

Za uta ndiye ali ndi mfundo, ndipo muimvere. N'zoona kuti nyimbo zatsopano zimaphunzitsa dzanja lamanja zinthu zozama. Concerto ya Ligeti ya 1966 imayamba ndi noti imodzi yolembedwa ndi zilembo p zisanu ndi zitatu, kutanthauza kuti liwu lituluke m'chete mwenimweni, womvera osadziwa pamene layambira. Kuti zimenezo zitheke, uta uyenera kukumverani ngati chala chanu. Pression ya Helmut Lachenmann, ya 1969, m'malo ambiri silemba mawu oti amveke. Pepala limajambula zochita za manja, pamene uta ukhule, mphamvu yokanikizira, kaya ndi pa nsambo, kuseri kwa bridge (kathabwa kochirikiza nsambo) kapena pa thupi la cello. Woyimba amene wadutsamo amadziwa chida chake mpaka m'makona. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimafota mwakachetechete mukachisiya: liwu lodzaza, lotalika, loyimba ngati munthu. Chaka china ndinatha miyezi itatu pa pulogalamu ya nyimbo zokukuta ndi zonong'ona zokhazokha. Nditaitanidwa kukayimba nyimbo yodekha ya Brahms, ndinamva liwu langa litaonda, uta ukuthamanga pamwamba pa nsambo osalowa mkati. Zinanditengera masabata angapo kulibweza. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndimayamba ndi nsambo zosagwira, uta wautali, masikelo, kenako gawo limodzi la Bach, ngakhale madzulo ake ndikukamenya cello ngati ng'oma. Woyimba cello Jean-Guihen Queyras anakhala zaka pafupifupi khumi m'gulu la nyimbo zatsopano la Ensemble intercontemporain ku Paris akuyimba nyimbo zovuta kwambiri za nthawi yathu, kenako mu 2007 anatulutsa ma suite onse asanu ndi limodzi a Bach. Manja omwewo anachita zonse ziwiri.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Ntchito imeneyi imayima pa ubale wanu ndi anthu opeka nyimbo. Woyimba nyimbo ya Dvořák amapikisana ndi mazana a anzake pa nyimbo imodzimodziyo, ndi ma rekodi a akuluakulu amene anamwalira kale. Inu mudzadziwika chifukwa pali wopeka amene akamaganiza za cello amamva liwu lanu m'mutu mwake. Wopeka Kaija Saariaho, amene anamwalira mu 2023, analembera mnzake wa ku Finland, woyimba cello Anssi Karttunen, kwa zaka zambiri: Petals mu 1988, Près mu 1992, Sept papillons mu 2000, ndi concerto ya Notes on Light imene inamveka koyamba ku Boston mu 2007. Pamene ankayamba, onse awiri anali achinyamata ofunafuna njira. Anakulira limodzi, ndipo dzina la wina likakwera linkakweza la mnzake.

Chitsanzo china chimene ndimachikonda ndi cha Rohan de Saram, amene anali woyimba cello wa gulu la oyimba anayi la Arditti Quartet kuyambira 1979 mpaka 2005. Makolo ake anali a ku Sri Lanka, ndipo iye ankadziwa kaimbidwe ka ng'oma za ku Kandy. Luciano Berio pomulembera Sequenza XIV mu 2002 anaika kamenyedwe ka ng'oma zimenezo pa thupi la cello. Woyimba cello Frances-Marie Uitti, amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi wopeka Giacinto Scelsi ku Rome, anapeza njira yogwira mauta awiri m'dzanja limodzi, wina pamwamba wina pansi pa nsambo, kuti nsambo zonse zinayi zilire nthawi imodzi, ndipo opeka anayamba kulembera njira yakeyo. Opeka amalembera chimene munthu ali nacho. Choncho dzifunseni: kodi inu muli ndi chiyani chimene mnzanu wa m'kalasi alibe? Mwina mumatha kuyimba ndi pakamwa uku mukuliza cello. Mwina muli ndi nyimbo zimene munakula nazo, kapena mumatha kupeka pomwepo popanda pepala, kapena mumakonda makina ndi mawaya. Abel Selaocoe wa ku South Africa, amene anaphunzira ku Royal Northern College of Music ku Manchester, anamanga dzina lake posakaniza cello ndi mawu ake apakhosi ndi nyimbo za kwawo, pambali pa nyimbo zakale za ku Ulaya. Sanabise chimene anabwera nacho.

Mwafunsa poyambira. Poyambira pali pafupi kuposa mmene mukuganizira: ophunzira a kupeka nyimbo a pa koleji panu pomwepo. Ambiri a iwo akusowa munthu woyimba zimene alemba, ndipo sadziwa bwino zimene cello ingathe. Sankhani awiri kapena atatu amene nyimbo zawo zimakukhudzani, osati aliyense wopempha. Aitaneni m'chipinda choyeserera, cello ili pakati, muwaonetse mawu amene mumakonda, iwo ajambule pa foni. Muwapemphe kuti akuonetseni zolemba zawo zikadali zosatha, tsamba limodzi kapena awiri, chifukwa vuto lopezeka pa tsamba loyamba limakonzeka mosavuta, pamene lopezeka kutatsala sabata kuti konsati ichitike limabala mkangano. Mwa anthu amenewa wina adzasiya kupeka, wina adzapita kutali, koma mmodzi akhoza kukhala mnzanu wa ntchito kwa zaka 30.

Mawu amodzi muwasamale kwambiri: "sizingatheke". Ndili wamng'ono wopeka wina anandipatsa ndime imene zala zinayenera kugwira manotsi awiri otalikirana uku uta ukusintha malo. Ndinaiyesa kawiri n'kumuuza kuti n'zosatheka. Iye anakhulupirira, anaifafaniza, n'kulemba china chosavuta. Patatha sabata ndinapeza kuti ndikagwiritsa ntchito chala chachikulu m'munsi mwa khosi la cello, ndimeyo inkatuluka bwinobwino, ndipo inali yokongola kuposa imene anaikapo. Ndinamuimbira foni koma anali atapita kale patsogolo ndi maganizo ena, ndipo ndimeyo inatayika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ano ndimati "ndipatseni masiku atatu", ndipo ndikabwerera ndimabwera ndi njira ziwiri kapena zitatu, ndi kufotokoza chimene iliyonse itaye. Ndimafunsanso kuti, mukufuna kumva chiyani pamenepa? Nthawi zambiri wopeka amafuna mtundu wina wa liwu, ndipo pali njira yachidule yolifikira imene iye saidziwa. Nthawi zina, monga mwa Xenakis kapena Brian Ferneyhough, kuvutikako ndi mbali ya nyimboyo, ndipo kuifewetsa n'kuiwononga. Kusiyanitsa ziwirizi kumabwera ndi zaka, komanso ndi kufunsa.

Pali chinthu china chimene achinyamata sachiona msanga. Aliyense amathamangira kuyimba nyimbo koyamba, popeza dzina limalembedwa pa pepala. Koma kuyimba koyamba kawirikawiri ndiko kofooka pa konse: manotsi afika mochedwa, mantha ali pakhosi, nyimbo simunaidziwe mtima wake. Nyimbo zambiri zabwino zimafera pomwepo, zitamveka usiku umodzi. Ine ndikalandira nyimbo ndimalonjeza wopeka kuti ndidzaiyimba kosachepera katatu m'malo osiyana, ndi kuijambula bwino kamodzi. Ndimafunafunanso nyimbo zimene anzanga anayimba kamodzi n'kuzisiya. Opeka saiwala munthu amene anapatsa nyimbo yawo moyo wachiwiri, ndipo kwa inu phindu lake n'lakuti miyezi munathera poiphunzira imayamba kubweza.

Apa tafika pa funso la makolo anu, ndipo ndi funso lachikondi, musalitenge ngati chitonzo. Ntchito zokhazikika za mwezi ndi mwezi m'gawo limeneli zilipo koma n'zochepa zedi. Ensemble intercontemporain, imene Pierre Boulez anayambitsa mu 1976, ili ndi oyimba 31 pa zida zonse. Ensemble Modern ya ku Frankfurt inayamba mu 1980 ndipo oyimba eni ake ndiwo amaiyendetsa. London Sinfonietta inayamba mu 1968, Klangforum Wien mu 1985. M'gulu lililonse lotere oyimba cello ndi mmodzi, awiri, mwina atatu, ndipo wolowa pampando amakhalapo zaka makumi. Mukhoza kulota za mpando wotero, koma musamange moyo wanu wonse pa chiyembekezo chakuti udzatseguka pa nthawi yanu.

Ambiri a ife mphika wathu umakhala pa mafuwa angapo. Pali makonsati a wekha ndi a timagulu tating'ono. Pali kulowa m'malo mwa wina m'magulu akuluakulu aja akafuna munthu wowonjezera, ndipo njira imeneyi ndiyo imatsegula zitseko zambiri, chifukwa amaitananso munthu amene anafika atakonzeka, wosunga nthawi, wosavuta kukhala naye. Pali kuphunzitsa. Pali kujambula nyimbo za mafilimu, kuyimba ndi magulu ovina ndi a zisudzo, ndi ntchito za apo ndi apo mu okestra. Mwezi wina ndalama zimabwera zambiri, wina osabwera n'komwe, ndipo malipiro ena amachedwa miyezi. Walira mvula walira matope. Phunzirani msanga kusunga za mwezi wabwino, kulemba zonse zolowa ndi zotuluka, ndi kudziwa malamulo a msonkho a dziko limene mukugwirako ntchito. Muwerengerenso kuti poyenda pa ndege cello imafuna mpando wake wolipira, ndipo zimenezi muzikambirana ndi okuitanani musanavomere.

Vuto lenileni la ndalama m'ntchito yathu ndi nthawi. Nyimbo ya mphindi khumi ikhoza kukudyerani miyezi iwiri, koma malipiro ndi a usiku umodzi, ofanana ndi a mnzanu amene wayimba sonata imene anaidziwa ali ndi zaka 16. N'chifukwa chake simungavomere chilichonse. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba vomerani zambiri kuti mudziwike ndi kuphunzira. Zikatha pamenepo yambani kusankha, ndi kumanga nkhokwe ya nyimbo khumi kapena khumi ndi zisanu zimene mungayimbe mutadziwitsidwa kutatsala sabata.

Mudzadabwanso kupeza kuti nthawi zambiri woyimba ndiye amafunafuna ndalama zolipira wopeka. Kale panali anthu olemera ngati Paul Sacher wa ku Basel, amene anapempha ndi kulipira nyimbo zambiri. Pamene Sacher ankakwanitsa zaka 70 mu 1976, Rostropovich anapempha opeka 12, kuphatikizapo Boulez, Berio, Dutilleux ndi Lutosławski, kuti alembe nyimbo za cello zothokoza Sacher. Lero ndalama zimachokera ku zikondwerero za nyimbo, nyumba za wailesi, mabungwe a boma a zaluso ndi mabungwe ngati Ernst von Siemens Music Foundation, ndipo kawirikawiri mabungwe awiri kapena atatu amasonkherana pa nyimbo imodzi. Kulemba kalata yopempha thandizo lotere ndi luso lofunika kuliphunzira ngati sikelo. Ndipo ngakhale wopekayo ndi mnzanu wapamtima, lembani pangano: tsiku limene manotsi adzafike, kutalika kwa nyimbo, nthawi imene inu nokha mudzakhale ndi ufulu woiyimba, mwini wake wa rekodi, ndi amene adzabweretse makina ndi katswiri wa zomveka ngati nyimboyo ikuwafuna. Maubwenzi amene ndawaona akutha anathera pa zinthu zosalembedwa ngati zimenezi. Pangano likakhala lalikulu, la kampani ya ma rekodi kapena yosindikiza manotsi, pitani nalo ku bungwe la oyimba kapena kwa loya musanasayine.

Pa za okestra, mphunzitsi wanu akunena zoona: pa mayeso olowera ntchito amafunsa Haydn, Dvořák kapena Schumann, ndi tindime ta m'ma symphony. Malangizo anga ndi akuti musataye zimenezi kwa zaka zingapo zikubwerazi. Kumbukirani Palm uja. Ma okestra nawonso amayimba nyimbo zatsopano, makamaka a wailesi ku Germany. Chikondwerero cha ku Donaueschingen, chimene chinayamba mu 1921, chakhala chikudalira okestra ya wailesi kwa zaka zambiri. Gulu la ma cello likapatsidwa pepala lodzaza ndi kawerengedwe kovuta, munthu wosachita nalo mantha amasanduka wofunika. Kwa makolo anu, m'malo mokangana nawo za kukoma kwa nyimbo zimene mwina sanazimvepo, akhazikeni pansi ndi pepala losonyeza zaka zitatu zikubwerazi: ophunzira angati mudzakhale nawo, mayeso ati mudzayese, maphunziro ati mudzapemphe, ndi tsiku limene mudzaunikenso ngati zikuyenda. Kholo limagona tulo likaona kuti mwana waganiza.

Malo ophunzirira alipo odziwika. Maphunziro a chilimwe a ku Darmstadt akhala akuchitika kuyambira 1946. Lucerne Festival Academy anaiyambitsa Boulez mu 2003. Ensemble Modern ili ndi sukulu yake ya chaka chimodzi ku Frankfurt, ndipo gulu la Bang on a Can, limene linayamba ku New York mu 1987, limachititsa maphunziro a chilimwe ku North Adams m'chigawo cha Massachusetts. Aphunzitsi ake ndi abwino, koma chuma chenicheni chimene mudzabwere nacho ndi anzanu a msinkhu wanu, oyimba ndi opeka, amene zaka khumi zikubwerazi adzakhala akuyambitsa magulu ndi kukonza zikondwerero. Ntchito zanga zambiri zinabwera kudzera mwa anthu amene ndinakhala nawo pa benchi imodzi tonse tisanadziwike. Funsani za thandizo la ndalama popempha malo, ndipo rekodi yotumiza ikhale ndi nyimbo imodzi yakale yosonyeza liwu lanu ndi imodzi yatsopano yosonyeza mutu wanu.

Musanapite kumeneko limbitsani kawerengedwe. Muzitha kuyimba manotsi asanu pa nthawi ya anayi, asanu ndi awiri pa nthawi ya atatu, osangoyerekeza. Metronome, kachipangizo kowerengera nthawi ya nyimbo, ikhale bwenzi. Zolowerani kuyimba muli ndi kachipangizo kogunda nthawi m'khutu, chifukwa nyimbo zambiri zimayendera limodzi ndi zojambulidwa kale. Cello Counterpoint ya Steve Reich, yolembedwera Maya Beiser mu 2003, ndi cello imodzi pabwalo ndi zisanu ndi ziwiri zojambulidwa. Dziwani kuika maikolofoni pa chida chanu, ndipo muziwerenga pepala lonse la gulu, osati mzere wanu wokha. Mugulenso uta wachiwiri wotchipa wa nyimbo zofuna kumenya nsambo ndi mtengo wa uta, ndipo musamangirire kapena kupanikiza kanthu kalikonse pa cello, makamaka yobwereka, musanafunse katswiri wokonza zida.

Za omvera musade nazo nkhawa kwambiri. Kronos Quartet, imene inayamba mu 1973, inasonyeza kuti anthu wamba amabwera ku nyimbo zatsopano akaitanidwa bwino. Chimbale chawo cha Pieces of Africa cha 1992, chokhala ndi nyimbo za opeka a mu Africa monga Dumisani Maraire ndi Kevin Volans, chinafika kwa anthu ambiri amene sanalowepo m'holo ya konsati. Ine ndimalankhula mphindi ziwiri ndisanayimbe: ndimawauza amene analemba, chimene tinakambirana, ndi liwu limodzi loti alidikire. Nkhope zimamasuka pomwepo.

Tsopano dzanja lija. Kupweteka polumikizira dzanja ndi mkono kumabwera kawirikawiri mwa oyimba amene akuphunzira nyimbo yovuta, ndipo nthawi zambiri kumatha mukakugwira msanga. Zoyambitsa ndimaziona mobwerezabwereza. Nyimbo ikafuna kukanikiza uta mwamphamvu, wophunzira amafinya ndi zala ndi chala chachikulu m'malo molola kulemera kwa mkono wonse kutsikira pa nsambo. Maso akamalimbana ndi pepala lovuta, mapewa amakwera, mpweya umagwidwa, thupi lonse limauma munthu osadziwa. Kenako pali kubwereza kandime kamodzi maulendo makumi osapuma, makamaka konsati ikayandikira ndipo maola oyeserera akwera mwadzidzidzi. Kuyambira lero siyani ndime imene ikupweteketsayo kwa masiku angapo. Yesererani mphindi 20 kapena 25, n'kupuma. Gawo lalikulu la nyimbo yovuta limaphunzirika cello ili m'bokosi: kuwomba m'manja kawerengedwe, kuyimba ndi pakamwa, kulemba zala pa pepala, kuyendetsa nyimbo m'mutu. Musamwe mankhwala opha ululu n'cholinga choti mupitirize kuyeserera, chifukwa mukutseka pakamwa mlonda amene akukuchenjezani.

Ululu ukapitirira sabata imodzi kapena ziwiri ngakhale mwachepetsa, pitani kwa dokotala kapena kwa katswiri wa mafizo, makamaka wozolowera oyimba kapena osewera masewera, ndipo mutenge cello kuti akuoneni mukuyimba. Musadikire n'komwe sabata ngati zala zikuchita dzanzi kapena kuyabwa ngati nyerere, ngati ululu ukukudzutsani usiku, ngati pali kutupa, kapena uta ukukupulumukani m'manja. Pali chizindikiro china chosapweteka koma choopsa: chala chikayamba kupindika kapena kuwongoka chokha, osakumverani, pa kandime kamene kale munkakatha. Amenewo akhoza kukhala matenda a focal dystonia, ndipo amafuna dokotala wa ubongo ndi mitsempha. Kuonjezera maola oyeserera kumangowakulitsa. Makutu nawonso asamaleni. Nyimbo za makina okweza mawu ndi za pafupi ndi ng'oma zimafuna zotsekera m'makutu za oyimba, ndipo kulira kwa m'khutu kosatha konsati itapita kumafuna kukayezetsa. Ntchito yosakhazikika imalemetsanso mtima. Tulo tikasowa kwa masabata, kapena mantha a pabwalo akayamba kukulepheretsani kugwira chida, lankhulani ndi mlangizi wa za maganizo.

Mphunzitsi wanuyo musamutaye. Akudziwa mkono wanu kuposa ine amene ndikungowerenga kalata. Pa phunziro likubwerali mutengereni nyimbo yovuta ija, musamupemphe kuti aikonde, mungomupempha kuti ayang'ane dzanja lanu lamanja pamene mukuyimba ndime yopwetekayo pang'onopang'ono, ndi kukuuzani pamene mukufinya. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zimene waona ndi zimene dokotala wanena.